Tinaphunzira kuti mpweya m'mtsempha umapha, nanga awa akupangiranji tithovu m'magazi dala?

Nesi_wa_ku_wodi analemba:

Moni nonse apagulu. Ndine namwino, chaka chino ndakwanitsa zaka 19 pa ntchito, zambiri mwa izo ndakhala ku wodi ya abambo pa chipatala china cha boma m'chigawo chapakati. Chinthu choyamba chimene manja anga anaphunzira ndi kugogoda sirinji. Kuloza singano kumwamba, kugogoda ndi chala kawiri katatu, kukankha pang'ono mpaka kadontho kaonekere kunsonga. Pa diripu chimodzimodzi, umayamba watulutsa mpweya wonse m'kapaipi. Asisita amene ankatiyang'anira tili ophunzira akaona kathovu m'kapaipi ankakuyang'ana ngati wapha kale munthu.

Ndiye dzulo mwana wa achimwene anga wanditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Akuti asayansi akubaya timadontho ta madzimadzi m'magazi, kenako n'kuwomba ndi mafunde a sikani, timadonthoto n'kusanduka tithovu ta mpweya m'thupi momwemo. Akuti ati azichiza nazo khansa. Ine mutu wabalalika. Sikani yomwe timaonera mwana m'mimba ija ingawiritse madzi? Ngati ingatero, amayi oyembekezera tikuwatani tsiku ndi tsiku? Ndipo mpweya umene ndakhala ndikuuthamangitsa zaka zonsezi, wasanduka liti mankhwala? Amene mukudziwa ndimasulireni m'Chichewa, Chingerezi cha mu kavidiyomo chinali chothamanga.

Wakabaza_wophunzira analemba:

Anesi, n'zosavuta izi. Khutchumulani Fanta mutsegule muone. Ndi zomwezo basi, kungoti azungu aika dzina lalitali kuti apeze ndalama za kafukufuku.

Wamulabu analemba:

Akabaza mwayandikira koma mwaphonya khomo. Mu Fanta mpweya umakhala ulimo kale, wosungunuka m'madzi ngati shuga mu tiyi, ndipo mukatsegula umangothawa. Apa ayi. Apa madzimadziwo eni ake ndi amene amasanduka mpweya, ngati madzi a m'ketulo akasanduka nthunzi.

Mayi, funso lanu landipeza pamalo pake, chifukwa timadontho timeneti ndi timene ndikudyera nsima chaka chachitatu tsopano kuno ku Ulaya. Pa Chingerezi amati acoustic droplet vaporization, kapena ADV mwachidule. Ndiyesa kufotokoza momwe ndinafotokozera amayi anga, ngakhale iwo pomaliza anangofunsa kuti ndibwera liti.

Tiyambe ndi layita ya gasi, ija yoonekera m'kati. Mukaipendeka mumaona madzimadzi akuyendayenda. Imeneyo ndi butane, ndipo imawira pa madigiri pafupifupi 0. M'thumba mwanu mumatentha kuposa pamenepo kutalitali, koma imakhalabe madzimadzi chifukwa yapanikizika m'kabotolo. Mukangodina, kupanikizika kumachepa, imatuluka ngati mpweya. Ndiye kuti chinthu chingawire m'njira ziwiri: kuchitenthetsa, kapena kuchepetsa mphamvu imene ikuchipanikiza. Amene anakwerapo Mulanje mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002, akaphika tiyi kumeneko madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90, osati 100, chifukwa mpweya wa kumwambako sulemera ngati wa pansi pa phiri.

Timadontho tathu sitipangidwa ndi madzi. Ndi mankhwala a gulu lotchedwa perfluorocarbon, amene sasakanikirana ndi madzi kapena magazi. Otchuka kwambiri ndi perfluoropentane, amene amawira pa madigiri 29. Thupi la munthu lili pa 37. Mwaona pamene pali nkhani? Mankhwalawa akalowa m'thupi amakhala atapitirira kale powirira pake, koma sawira. Amakhala ngati mwana amene wasunga misozi, akungodikira wina amukhudze.

Chimene chimawagwira ndi zinthu ziwiri. Choyamba, kadontho kalikonse timakakutira ndi kachikopa ka mafuta kapena ka puloteni, ndipo kadontho kakachepa kwambiri, khungu lake limakafinya mwamphamvu ngati botolo la layita lija. Chachiwiri, ndipo ambiri masiku ano amati ichi ndiye chachikulu, kuwira kumafuna poyambira. Mukayang'ana poto akuyamba kuwira, tithovu toyamba timatuluka pansi, pamene pali tizikanda ndi timaenje. M'kadontho kosalala kopanda litsiro, kathovu koyamba kamasowa pobadwira.

Sikani imabwera kudzapereka poyambirapo. Funde la phokoso limakankha kenako n'kukoka, kukankha n'kukoka, ndipo la sikani limachita zimenezi kokwana mamiliyoni angapo pa sekondi imodzi. Khutu la munthu limalekera pa 20,000, mileme imapitirira pamenepo, sikani ya kuchipatala imapitirira ya milemeyo kutali. Pa nthawi yokoka ija, kupanikizika m'kati mwa kadontho kumatsika mwadzidzidzi, ngati mwadina layita. Kathovu kakang'ono kamabadwa m'katimo, kenako kadontho konse kamasanduka mpweya nthawi yosakwana kuphethira kwa diso. Sikutentha ayi. Kutentha kwa thupi kumakhala kulipo kale kokwanira.

Anthu a ku yunivesite ya Twente ku Netherlands anajambula zimenezi ndi kamera yotchedwa Brandaris 128, imene imatha kujambula zithunzi 25 miliyoni pa sekondi, ndipo m'chaka cha 2014 anasonyeza chinthu chimene ine chimandisangalatsabe. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi m'madzi, koma mu perfluoropentane limayenda pafupifupi 400 okha. Chifukwa cha kusiyanako, kadonthoko kamasonkhanitsa mafunde pamalo amodzi m'kati mwake, ngati galasi lija tinkawotchera pepala padzuwa tili ana. Ndiye kuti kadontho kamathandiza kokha kudziyatsa.

Tsopano kukula kwake, chifukwa yankho la funso lanu la sirinji lili pamenepa. Gawani milimita imodzi magawo 1,000, gawo limodzilo timati micron. Tsitsi limodzi ndi lonenepa ma micron pafupifupi 70. Selo lofiira la magazi ndi ma micron 7 kapena 8. Timadontho timene ine ndimapanga sitikwana ngakhale theka la micron. Kakasanduka mpweya kamatupa kasanu m'mimba mwake, kutanthauza kuti malo amene kamatenga amachuluka nthawi pafupifupi 125, koma kamakhalabe kochepa kuposa selo lofiira. Kamadutsa m'timitsempha ting'onoting'ono popanda kutseka njira. Kathovu kamene inu mumagogoda mu sirinji, kamene mukukaona ndi maso, poyerekeza ndi kameneka ndi njovu pafupi ndi nsabwe. Asisita aja sanakunamizeni.

Ndikuuzeni momwe zimaonekera pa tebulo langa. Ndimayamba ndi kabotolo kakang'ono kokhala ndi madzi osakaniza ndi mafuta opangira kachikopa kaja, pamwamba pake pali gasi wotchedwa perfluorobutane, amene amawira pa madigiri 2 pansi pa ziro. Ndimakaika m'kamakina kogwedeza kwa masekondi 45, katuluke kali koyera ngati mkaka, ndiye kuti tithovu mabiliyoni tapangika. Kenako ndimakamiza m'mbale ya sipiriti wozizira kwambiri, n'kukankhiramo mpweya ndi sirinji pang'onopang'ono. Mkaka uja umasiya kuyera n'kukhala ngati madzi a mpunga otsukuluka. Tithovu tonse tafinyika tasanduka timadontho. Njira imeneyi anaikonza anthu a ku North Carolina ndi ku Arizona, a Paul Sheeran, a Paul Dayton ndi a Terry Matsunaga, cha m'ma 2011. Ndikatero ndimathira timadonthoto m'kapaipi kodutsa m'kati mwa jeli, m'thanki ya madzi ofunda madigiri 37. Pa sikirini kapaipiko kamaoneka bii, kopanda kanthu. Ndikadina batani kamodzi, pamalo pamene ndalunjika pamayera kadontho ngati nyenyezi, kwinako kuli mdima. Ndikasuntha pang'ono n'kudinanso, nyenyezi ina. Tsiku loyamba ndinalemba chilembo choyamba cha dzina la mwana wanga m'jelimo. Abwana anga anaona, sanalankhule kanthu.

Za amayi oyembekezera musade nkhawa. M'thupi mwawo mulibe timadontho timeneti, ndipo madzi a m'thupi amawira pa 100, sali pa mphepete ngati perfluoropentane. Popanda kubaya mankhwalawa, sikani ilibe choti idzutse.

WaSikani_ku_UK analemba:

Achemwali anga a ku wodi, ine ndine wojambula sikani, ndinayambira ntchito kumudzi konko, pano ndili kuno ku Britain. Ndiwonjezere mbali imene Awamulabu sanaikhudze, chifukwa kavidiyo kanu mwina kasakaniza zinthu ziwiri.

Timadontho tawo sindinationepo m'chipatala. Koma tithovu topangiratu timabaya sabata iliyonse. Amene timagwiritsa ntchito kuno ndi SonoVue, wa kampani ya Bracco, amene analoledwa ku Ulaya mu 2001. Amabwera ngati ufa m'kabotolo. Umathira mamililita 5 a saline (madzi a mchere a m'diripu), kukhutchumula masekondi 20, asanduke mkaka. Pa chiwindi timabaya mamililita 2.4 kudzera pa kanula, kapaipi kaja kolowetsa mu mtsempha, n'kutsatiza saline. Tsiku loyamba dzanja langa linakana, ndikunena zoona. Mtima umati mkaka umenewu ndi mpweya, ukupha munthu. Koma mutati musonkhanitse mpweya wonse wa mu jakisoni ameneyo, sukwana ngakhale dontho limodzi la madzi, ndipo wagawika tizidutswa tochepa kuposa maselo a magazi. Wodwala amaupuma kudzera m'mapapo, pakatha mphindi ngati 15 watha. Impso siziona ntchito, zimene zimatithandiza kwa odwala amene sangalandire mankhwala obaya pojambula ndi makina a X-ray otchedwa CT.

Chimene umaona pa sikirini ndiye chokoma. Ukabaya umayatsa wotchi. Masekondi khumi ndi angapo kuli zii. Kenako mitsempha ya chiwindi imayaka ngati nthambi za mtengo. Chotupa chosaopsa chotchedwa haemangioma chimayamba kuyera m'mphepete, kuwalako kumalowa m'kati pang'onopang'ono. Cha khansa kawirikawiri chimayera msanga, kenako chimazima chiwindi chonse chikadali chowala, n'kutsala ngati dzenje lakuda. Ukaona dzenje limenelo mtima umatsika, chifukwa wodwala akukuyang'ana kumaso kuti awerenge yankho. Makina timawatsitsa mphamvu kwambiri, apo ayi mafunde amaphulitsa tithovu tonse usanaone kanthu. Ndipo kanula sitichotsa msanga, timamusunga munthu kwa theka la ola, chifukwa alipo ochepa amene thupi lawo limadana ndi mankhwalawa.

Ndipo si zachilendo. Mu 1968 a Gramiak ndi a Shah ku Rochester ku America anaona kuti akabaya madzi m'mitsempha ya pa mtima, pa sikani pamaoneka mtambo woyera, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ndi tithovu. Mpaka lero a mtima amakhutchumula saline pakati pa masirinji awiri n'kubaya, kuti aone ngati pali kabowo pakati pa zipinda za mtima.

Funso langa kwa Awamulabu ndi ili: poti tithovu tilipo kale ndipo tikugwira ntchito, timadontho tikufunikiranji? Si kuzungulira nyumba pofuna khomo lomwe lili pamaso?

Wamulabu analemba:

Funso limenelo ndi limene anandifunsa pa mayeso anga a chaka choyamba, ndipo ndinatuluka thukuta.

Kathovu kali ndi mavuto awiri. Sikakhalitsa, inu mukudziwa bwino, mphindi zochepa katha. Komanso ndi kakakulu moti sikangatuluke m'mtsempha, kamangoyenda ndi magazi. Kadontho kamakhalitsa kuposa pamenepo, ndipo n'kochepa kwambiri. Mitsempha ya m'chotupa cha khansa imamangidwa mothamanga, imakhala ndi timing'alu ngati dengu lakale. Chiyembekezo n'chakuti timadontho tidutse m'timing'aluto, tiunjikane m'chotupa momwemo, kenako tidzutsidwe ndi sikani. Mukamata mankhwala a khansa pa kachikopa kaja, kadontho kakatupa kamawataya pomwepo, osati m'thupi lonse kumene amakathothola tsitsi ndi kusanzitsa munthu. A Natalya Rapoport a ku yunivesite ya Utah anayesa zimenezi ndi mankhwala a khansa otchedwa paclitaxel, ndipo zotupa zinachepa. Koma zinali za mbewa. Inde mbewa, zoyera, zosadyedwa, ndipo imodzi mtengo wake mungagule nazo mipani yambirimbiri pa msewu wa ku Lilongwe. Mbewa zachiritsidwa khansa kambirimbiri pa dziko lino. Pa munthu timing'alu tija sitikhala tofanana chotupa ndi chotupa, ndipo apa ndi pamene mankhwala ambiri okongola amagwera.

Pali ntchito ina imene iwakhudze Anesi mwachindunji, chifukwa ndi mantha awo enieni atasandutsidwa chida. Mukapanga timadontho tokulirapo, ta ma micron angapo, timadutsabe m'mitsempha tili madzimadzi. Koma mukatidzutsa, kathovu kake kamafika ma micron 20 kapena 30, ndipo kamapitiriza kukula chifukwa kamayamwa mpweya wa m'magazi. Kameneko kamatseka kamtsempha. Ndiye ganizo n'lakuti mulunjike pa mitsempha yodyetsa chotupa, muitseke dala, chotupacho chife ndi njala. Amati gas embolotherapy. A Oliver Kripfgans, a Brian Fowlkes ndi a Paul Carson a ku yunivesite ya Michigan ndi amene analemba za ADV m'chaka cha 2000, ndipo kutseka mitsempha kunali pakati pa zolinga zawo. Ayesa pa nyama. Ine pandekha ndi mbali imene imandiopsa. Kathovu kakapanda kukakamira pamene mukufuna, kamapita ndi magazi kukatseka kwina, ndipo kathovu sungakaitane kuti kabwerere.

Mbiri ya timadonthoti ili ndi kokhota koseketsa. Ganizoli silinabadwire m'chipatala. A Donald Glaser, nawonso a ku Michigan, mu 1952 anapanga chipangizo chodzaza madzimadzi opitirira powirira, choti tinthu tochepa kuposa atomu tikadutsamo tizisiya mzere wa tithovu, ndipo analandira nacho mphoto ya Nobel mu 1960. A Robert Apfel a ku Yale anatenga ganizolo n'kuligawa timadontho m'jeli kuti aziyezera ma radiation, kenako mu 1998 analembetsa ganizo lobaya timadontho totere m'thupi. Ndiye zaka zoposa 25 zapita. Mukaona chinthu chakhala nthawi yotere chisanafike pa wodi, dziwani kuti pali pothina.

Pothina pena ndi pa mphamvu. Perfluoropentane ya timadontho tating'ono kwambiri imafuna mafunde amphamvu kuposa malire amene makina a sikani wamba amaloledwa, a 1.9 pa muyeso wotchedwa mechanical index. Mukasinthira ku perfluorobutane, sikani wamba imakwanitsa, koma timadonthoto timakhala tosachedwa kupsa mtima, tina timadzuka tokha musanatiuze. Kusankha kuli pakati pa galu wogona kwambiri ndi galu wouwa mthunzi wake womwe.

Kavidiyo kakanena kuti akuchiza kale anthu, mwina kasokoneza ndi histotripsy, imene a FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, anailola mu 2023 pa zotupa za chiwindi. Imeneyonso inachokera ku Michigan ndipo imagwiritsa ntchito tithovu, koma simubaya timadontho. Mafunde ake ndi amphamvu moti amang'amba tithovu kuchokera m'mnofu momwemo n'kuphwanya chotupa. Makina ake si a sikani ya mimba.

Nesi_wa_ku_wodi analemba:

Zikomo mwanawe, ndi inunso achimwene a ku UK. Za layita ndamva, za poto ndamva. Za dzenje lakuda lija zandikhudza, chifukwa ku wodi kwathu abambo a chiwindi amabwera mimba itatupa kale, maso achikasu, ndipo sikani yathu imangotsimikiza zimene dzanja lamva kale. Nthawi zina ngakhale jeli amatha, achibale n'kukagula ku famase.

Funso la munthu wa ku wodi tsono. Kuno mwezi wa Okutobala m'chipinda chosungira mankhwala mumatentha kuposa madigiri 29 anuwo, ndipo magetsi amazima tsiku lonse. Timadontho tanuto tingafike kuno tili moyo, kapena tidzawirira m'katoni pa Mwanza?

WaSikani_ku_UK analemba:

SonoVue ali ufa safuna firiji. Ukamusakaniza uli ndi maola 6 basi. Chimene chingavute kumudzi ndi mtengo wake, komanso makina okhala ndi pulogalamu yoonera tithovu, chifukwa si onse ali nayo. Pali mankhwala ena a tithovu a ku America otchedwa Definity, mtundu wake woyambirira ndiwo umafuna firiji.

Wamulabu analemba:

Mayi, mwandigwira pakhosi. Ta perfluoropentane sitingawire m'katoni pa 30 kapena 35, chifukwa cha kachikopa ndi kusowa poyambira kuja, ngakhale tikakhalitsa timayamba kukula ndi kuphatikizana. Tanga ta perfluorobutane ndiye ayi. Ndimapanga m'mawa, kusunga pa ayezi, kugwiritsa ntchito tsiku lomwelo, totsala n'kuumitsa mu firiza.

Chaka chatha mwezi wa Julayi kunatentha kuno, ndipo nyumba yathu ya labu ilibe zoziziritsira mpweya. Ndinapanga timabotolo tinayi, ntchito ya m'mawa wonse. Foni inalira, anali achemwali anga akufunsa za fizi ya mwana. Ndinatuluka pakhonde ndi kabotolo kamodzi m'manja osazindikira, totsalato ndinatisiya pa tebulo pafupi ndi zenera, kunja kwa mbale ya ayezi. Tinakambirana mwina mphindi 20. Pobwerera ndinatsegula chikhatho, kabotolo kaja kayeranso ngati mkaka, thovu lili pamwamba. Ta pazenera chimodzimodzi. Tonse tinali titadzuka, popanda sikani, popanda batani. Ndinatsuka timabotolo, n'kukalemba m'buku kuti tsikulo ndinali kuyesa kupirira kwa timadontho pa kutentha.